Zithunzi Zodulidwa za kwa a Gwedeza

Sendezani chikuni icho, chikungofuka utsi. Mwafunsa ngati pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito ya zithunzi ndinakumanapo ndi chinthu chimene sindinachimvetse. Chilipo chimodzi. Sindikonda kuchikamba, koma poti chimangachi chichedwa kupsa, ndikuuzani.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kasitudiyo pa Madisi, kuseri kwa msika, kachipinda kamodzi kokha. Pakhonde panga pankakhala telala wina, a Sikelo, ndi makina awo osokera. Zinali zaka zija aliyense ankafuna kuti zithunzi zake zakale ziikidwe pa chimbale kuti aziziona pa TV kapena kutumizira abale a kutali. Ndinali ndi kompyuta yogula kwa munthu, ndi sikana, kamakina kagalasi kamene umagonekapo chithunzi, kuwala n'kuyenda pansi pake, chithunzicho n'kuonekera pa kompyuta. Ukatero umabena pa chimbale, ntchito yatha.

Ndinene chilungamo. Chithunzi cha papepala chikalowa m'chimbale sichituluka monga chinalowera. Chimataya kenakake panjira. Nkhope zimafewa, maso amasanduka timadontho, maluwa a pachitenje amaphwanyika kukhala timabokosi ting'onoting'ono. Ife a masitudiyo tinkawonjezeranso vutolo, chifukwa tinkachepetsa zithunzizo dala kuti ntchito ithe msanga. Munthu akadandaula tinkamuuza kuti vuto ndi TV yake. Choncho kuwonongeka kwa zithunzi ndinkakudziwa bwino, ndinkadziwa pamene kumayambira ndi pamene kumalekezera.

Tsiku lina mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, munalowa mayi wina wa zaka ngati makumi atatu, mphunzitsi wa pulayimale. Dzina lake anati ndi Eneless Gwedeza. Anatulutsa m'chikwama envulopu yakuda ndi manja, mmene munali zithunzi makumi awiri ndi zitatu. Anandiuza kuti bambo ake, amene anali mkulu wa mpingo, anamwalira chaka chathacho, ndipo banja likukonza zomanga chiliza kumapeto kwa Novembala. Mchimwene wake wa ku Joni ankafuna chimbale cha zithunzi zonse kuti asankhepo nkhope ya bambowo yoika pa mwala wa pamanda.

Ndikuziwerenga, ndinaona kuti zisanu ndi ziwiri zinali zodulidwa mbali imodzi ndi sizasi. Zinali zakale, zopanda mtundu zija. Bambo wamtali wa jekete ataima chilili, mayi atakhala pa mpando ndi khanda pamiyendo, kamnyamata pambali, kenako pepala n'kuthera pomwepo, mzere wowongoka bwinobwino. Pa chimodzi wodulayo anasiya zala zinayi zitagwira phewa la mayi wokhala pa mpandoyo.

Ndinafunsa kuti amene anali apa ndi ndani. Eneless anati sakudziwa. Zithunzizo anazipeza zili choncho kuyambira ali mwana, ndipo atafunsapo kamodzi bambo ake anamuyang'ana mwa njira yoti sanafunsenso. Khanda la pamiyendolo anali iyeyo.

Ndinagwira ntchitoyo masana omwewo. Nditatha ndinaika chimbale m'kompyuta kuti ndione mmene zatulukira. Zambiri zinali monga mwa masiku onse, zofewa koma zodziwika. Zodulidwa zija n'zimene zinandiimitsa. Pamalo podulidwapo pamayenera kuoneka poyera, chifukwa chivundikiro cha sikana n'choyera. Apa panali potuwa ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Nkhope ya bambo Gwedeza nayo inali itafufutika kuposa za anzawo, ngati munthu waipaka chala chonyowa.

Ndinati mwina galasi lada. Ndinalipukuta, n'kusiya nkhaniyo pomwepo. Madzulo ndikufuna kudula mapepala a zithunzi za chiphaso, sizasi yanga sindinaipeze. Inkakhala pa msomali pamwamba pa tebulo zaka zonse. Ndinafunsa a Sikelo ngati abwereka, iwo anaseka n'kundionetsa yawo yaikulu ija, akuti kasizasi kanga angadulire chiyani.

Eneless atabwera mawa lake n'kuona, nkhope yake inagwa. Sanakalipe, koma mawu ake anali olemera. Anati bambo ake anali ndi chipsera pamwamba pa diso, papepala chikuoneka, nanga pa chimbale chapita kuti? Angasankhe bwanji nkhope yoika pa mwala pamene nkhopeyo palibe? Ndinachita manyazi chifukwa ndinkadziwa kuti ndinachepetsa zithunzizo. Ndinamulonjeza kuti ndibwereza, ndipo ulendo uno ndiika makina pa mlingo wapamwamba kwambiri, ngakhale zitenge tsiku lonse.

Zinatengadi tsiku lonse. Chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zambiri, kuwala kuja kukuyenda pang'onopang'ono pansi pa galasi. Ndili pa chachinayi cha zodulidwazo, ndinamva fungo. Munayamba mwalowa m'chigafa cha fodya mvula itangogwa? Fungo la masamba onyowa ndi dothi. Koma unali Okutobala, kunja kuli fumbi lokhalokha, ndipo fodya anali atagulitsidwa kalekale. Ndinatuluka kukanunkhiza pakhonde, kunali fungo la tchipisi ndi utsi wa minibasi basi. Nditabwerera m'kati fungolo linali lilipobe, lili pafupi ndi tebulo.

Kenako kaphokoso. Tse. Tse. Tse. Ngati munthu akudula pepala lolimba mosafulumira. Ndinasuzumira panja. A Sikelo anali atatsamira khoma, akusinza, manja ali pamimba.

Chimbale chachiwiri chinatuluka bwino kuposa ntchito ina iliyonse imene ndinagwirapo. Ulusi wa pa jekete unkaoneka, ngakhale ming'alu ya khoma la kumbuyo. Koma pamwamba pa jeketelo, pamene pamayenera kukhala nkhope ya bambo Gwedeza, panali chinthu chosalala ngati dzira. Ndipo utsi uja wa podulidwa sunalinso utsi wamba. Unali ndi phewa. Unali ndi china chake chozungulira pamwamba, ngati mutu wovala duku. Zala zinayi zija tsopano zinali ndi mkono wake.

Ndinatenga chithunzi chapepala n'kuchiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Nkhope ya bamboyo inali bwinobwino, chipsera chili pamalo pake. Kumbuyo kunalibe chilichonse.

Ndinati mwina ndi kompyuta yanga. Ndinapita nacho chimbalecho kwa mnzanga wina wobena nyimbo pafupi ndi depoti, osamuuza kanthu. Anachiika m'makina ake, n'kundifunsa kuti mayi wa dukuyu bwanji sakuoneka bwino. Ndinangolanda chimbale changa n'kubwerera.

Tsiku lachitatu, cha m'ma twelofu, ndinali nditawerama pa tebulo pamene kuwala kwa pakhomo kunachepa. Nditadzutsa mutu ndinaona munthu wamkazi ataima pa chiundo cha chitseko, osalowa. Dzuwa linali kumbuyo kwake, ndiye nkhope sindinaione. Ndinaona chitenje chozilala, cha mtundu umene anasiya kugulitsa kale, ndi mapazi opanda nsapato, ali ndi matope ofiira mpaka m'akakolo. Ndinamulonjera, ndinati lowani mayi. Sanalowe. Anafunsa ndi mawu otsika, a mwana wamng'ono ndithu, ngati zithunzi za kwa a Gwedeza zatha.

Ndinayesa ndi wachibale wotumidwa. Ndinati zatsala pang'ono, pali kavuto kena.

Iye anangoti, "Musandisiye kunja."

Ndinatembenuka kuti nditenge envulopu ija, ndimufunse bwino kuti akutanthauza chiyani. Pobwezanso maso, pakhomo panali dzuwa lokha. Ndinatuluka. A Sikelo anali maso, akupalasa makina awo, ndipo munthu sakanafika pakhomo panga osawalambalala. Analumbira kuti chichokereni mnyamata wa mandasi m'mawa sipanadutse munthu. Koma anasiya kupalasa n'kuloza pansi. Pa simenti panali timatope tofiira, tonyowa, ndipo tinauma ife tikuyang'ana.

A Sikelo anamanga makina awo nthawi yomweyo. Anati ali ndi maliro kwawo. Sanabwere masiku anayi.

Eneless atafika madzulo ndinamuonetsa zonse, ndipo ndinamuuza za mlendoyo. Ndinkayembekezera kuti anena kuti ndikubisa ulesi wanga ndi nthano. Anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa. Kenako anandiuza kuti masiku onsewo amayi ake, a Nazimbiri, akhala akumufunsa m'mawa uliwonse ngati zithunzi zabwerako, ndiponso kuti anakana poyamba kuti zichoke m'nyumba. Anati abwera nawo.

Anabwera Loweruka pa kabaza. A Nazimbiri anali mayi wamng'ono thupi, wa zaka ngati makumi asanu ndi awiri, atavala yunifolomu ya chigwirizano. Ndinawapatsa mpando wanga. Ndinatsegula chithunzi chija cha zala zinayi.

Sindinabenenso chimbale china, chinali chomwechija. Koma mutu wa duku uja unali utatembenuka pang'ono. Tsopano unkayang'ana kwa mayi wa pampando.

A Nazimbiri sanakuwe. Anangotambasula dzanja n'kugwira phewa lawo lamanzere, pomwe panali zalazo pa chithunzi. Anati, "Filesi."

Eneless anafunsa kuti Filesi ndani.

"Mkulu wako," anatero. "Mwana wanga woyamba."

Zotsalazo anazikamba atayang'ana pansi, ngati akuuza simenti. Filesi anatenga mimba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, Eneless ali ndi zitatu. Bambo Gwedeza anali atangosankhidwa ukulu wa mpingo. Anamuthamangitsa mwanayo ndi chitenje chimene anavala, ndipo poti ankakhala ku chitengwa, kwawo kwa bamboyo, panalibe malume woti n'kumuikira kumbuyo. Anamva kuti wapita ndi lole ya matenanti ku esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu. Mvula itayamba kunabwera uthenga woti wamwalira pobereka, abwere adzatenge thupi. Bamboyo anauza wamthengayo kuti nyumba ino mulibe mwana wa dzina limenelo. Anamuika matenanti anzake kumapeto kwa munda. Sabata yomweyo bambo Gwedeza anaponya zithunzi ndi sizasi pamiyendo pa mkazi wawo.

"Ndinadula ndine," anatero a Nazimbiri. "Ndi manja awa. Iwo ataima apo."

Eneless anali atatsamira khoma, misozi ikungotsika osaipukuta. Anafunsa amayi ake kuti zaka makumi atatu zonsezi anakhala bwanji chete. Mayiwo anamasula mfundo ya kansalu kamene anamanga m'chiuno mkati mwa chitenje. Munali timapepala tisanu ndi tiwiri, tatitali ngati chala, tofewa ndi thukuta. Anauzidwa kuti atenthe, koma anaponya pamoto mapepala ena. Anati chichokereni zithunzizo m'nyumba, tulo sakutiona, ndipo timapepalato akhala akuyenda nato kulikonse.

Ndinatenga timapepalato. Kanali kamtsikana kowonda, ka maso aakulu, ka mpata pakati pa mano. Pena kali ka zaka khumi ndi zitatu, pena katasinkhuka, katavala duku. Ndinalumikiza kalikonse pamalo pake ndi selotepi kumbuyo. Mizere inakumana ndendende. Ndinaziika pa galasi chimodzichimodzi, amayi awiriwo akuyang'ana kuwala kukuyenda. M'chipindamo munali zii. Fungo lija silinabwere.

Chimbale chachitatu chinatuluka ngati ntchito wamba. Filesi ankaoneka, mzere wa podulidwa ukuonekanso ngati kaulusi. Nkhope ya bambo Gwedeza inabwerako pang'ono, moti ukanadziwa kuti ndi munthu, koma osati kuti ndi ndani. Ndinayesa zithunzi zawo zina zosadulidwa, zimene poyamba zinatuluka bwino. Nazonso zinali zitatero. Eneless anati basi, mwala ukhala wa dzina lokha.

Tinafika pa chithunzi chomaliza, chimene Filesi anali wamkulu kuposa pa zonse. Ndinali pafupi kutseka pamene a Nazimbiri anandigwira mkono. Analoza pachifuwa pa mtsikanayo. Panali mfundo ya nsalu, monga amamangira mayi wobereka mwana kumbuyo. Ndipo pansi pa mkhwapa wake panatulukira kanthu kakang'ono, kotuwa. Kaphazi.

Tinayang'ana papepala. Panalibe mfundo, panalibe phazi. Mtsikanayo anali atavala diresi la kusukulu ya Sande.

Eneless anafunsa amayi ake kuti wamthenga uja ananena chiyani za mwana. Mayiwo anati wamthengayo sananene kanthu za mwana. Bambo Gwedeza sanamupatse mpata womaliza mawu ake, ndipo a Nazimbiri anangoganiza kuti mwana anapita ndi mayi wake. Sanafunsepo munthu.

Anatenga zithunzi zawo ndi chimbale n'kumapita. Ine ndinatseka situdiyo tsiku limenelo dzuwa likadali pamwamba.

Novembala anadutsa, Disembala, mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Ndinamva kuti chiliza chinamangidwa. A Sikelo anabwerera pakhonde, koma makina awo anawasunthira kumapeto, kutali ndi chitseko, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso.

Mu Febuluwale Eneless anabweranso. Anali atawonda, nkhope itada ndi dzuwa. Kumbuyo kwake kunali bambo wina wa zaka ngati makumi atatu, wa manja okhakhala, atavala malaya amene ankaoneka kuti ndi obwereka. Anavula chipewa polowa. Atatsegula pakamwa kundilonjera ndinaona mpata pakati pa mano.

Eneless anandiuza kuti tchuthi chonse cha Khirisimasi anathera m'maesiteti, kufunsa nkhalamba za mtsikana wa ku Dowa amene anamwalira pobereka zaka makumi atatu zapitazo. Esiteti yachisanu ndi chimodzi n'kumene mayi wina wokalamba anakumbukira. Mwanayo anakhala moyo. Anamuyamwitsa mkazi wa tenanti wina amene anali ndi khanda lake, ndipo anamutcha Masiye. Anakulira pomwepo, n'kukhala tenanti nayenso, ali ndi mkazi ndi ana atatu. Ankadziwa kuti amayi ake anamwalira iye akubadwa, koma dzina lawo panalibe amene ankalikumbukira bwino, ndipo manda anali atalimidwa kale.

A Nazimbiri anamuona kale mdzukulu wawoyo dzulo lake, anatero Eneless, koma zithunzi anali asanamuonetse. Eneless anali atabwera nazo, ndipo ankafuna kuti ndimukulitsire Masiye nkhope ya Filesi pa pepala lalikulu, apite nayo kwawo.

Ndinasankha chithunzi chomaliza chija, chapepala. Ndinachiika pa galasi ndi mantha, koma chinatuluka monga chinalili, mtsikana wa diresi ndi duku, palibe china. Ndinachikulitsa, ndinachisindikiza, n'kuchipereka kwa Masiye inki isanaume bwino.

Anachigwira m'mphepete ndi nsonga za zala, kuopa kuchidetsa. Ndinkayembekezera kuti alira, kapena afunsa ngati amafanana nawo. Iye anangoyang'ana, kenako anakhala pansi pa simenti pomwepo, osafuna mpando.

Eneless anagwada pambali pake n'kumuuza mofatsa kuti awa ndiye amayi ako, ndi koyamba kuwaona.

Masiye anapukusa mutu.

"Si koyamba, amayi aang'ono," anatero. "Awa ndimawadziwa. Mvula ikamayamba amaima kumapeto kwa munda wanga, pafupi ndi chulu. Chaka chilichonse, kuyambira ndili mwana. Amangondiyang'ana ndikamalima. Ndinkayesa ndi wamisala wa m'midzi yapafupi. Chaka chatha ndinawagenda."

Kunja a Sikelo anali atasiya kupalasa.

Patapita nthawi Masiye anadzuka, anaika chithunzicho mkati mwa malaya, pachifuwa, n'kufunsa Eneless kuti basi ya ku Kasungu inyamuka nthawi yanji. Eneless anamuchonderera kuti agone, agogo ake akumudikira, apita mawa. Iye anakana mwaulemu. Anati mvula sinathe, mwina akawapeza akadali pa chulu paja, ndipo tsopano akudziwa dzina loti akawaitanire.